Chilapalapa cha Aluya sichinabadwire pa Linga

Pali bodza lina limene lakhazikika pakati pathu ngati mlendo wosadziwa kutsazika. Mulimva m'makalasi a mbiri yakale, mulimva m'mabawa a mu Lilongwe ndi mu Blantyre ophunzira akayamba kupikisana nzeru, mulimvanso kwa anyamata operekeza alendo kukaona mkuyu wa Livingstone kuno ku Nkhotakota. Ati Chiswahili si chilankhulo chenicheni. Ati ndi Chiarabu chosweka chimene Aluya ankakalipira nacho akapolo pa dooko la Jumbe. Ati ife a m'mbali mwa nyanja, tikamati sadaka, futali kapena swala, tikungotola makoko a chilankhulo cha akapolocho.

Ine ndikuti limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Ndipo sindikutsutsa chifukwa chongoikira kumbuyo kwathu ayi. Ndikutsutsa chifukwa bodzali likutiphimba m'maso pawiri. Likunyoza chilankhulo chimene ndi mbale wake wa Chichewa, bere limodzi. Komanso likutibisira kumene chilankhulo cha mtundu umene akunenawo chinabadwiradi, ndi kumene ana athu akuchiphunzira masiku ano, misozi ili chuchuchu.

Tiyambe tamvana pa dzina. Akatswiri a zilankhulo ali ndi mawu akuti pijini. Musachite nawo mantha, chinthucho Amalawife timachidziwa kale. Agogo athu amene anapita ku Wenela ndi ku Theba, ku migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt, anabwera nacho pamodzi ndi galamafoni ndi jekete. Ndi Chilapalapa chija, chimene ku South Africa amati Fanakalo. Mawu ake ambiri ndi a Chizulu, koma Mzulu weniweni akachimva amachita tsinya. Pijini imabadwa pamene anthu a zilankhulo zambiri zosamvana aunjikidwa pamalo amodzi kuti agwire ntchito, pamwamba pawo pali bwana wa chilankhulo china, ndipo palibe sukulu, palibe nthawi, palibenso amene akufuna kuti wantchito adziwe bwinobwino chilankhulo cha bwanayo. Anthu amatola mawu a bwana, n'kutaya malamulo ake ovuta, n'kumanga malamulo awoawo. Poyamba palibe mwana amene amayamwa chilankhulo chotere kwa mayi wake. Chikafika poti ana akubadwiramo, akusewera nacho, akulota nacho, akatswiri aja amasintha dzina, amati kiriyoli.

Ndiye muyeso wake ndi uwu: mawu a tsiku ndi tsiku amachokera kwa bwana, ndipo mafupa a galamala amaphwanyidwa n'kulumikizidwanso mwatsopano. Tiyeni tichiike Chiswahili pa sikelo imeneyi.

Mswahili amati mtu, watu. Ife timati munthu, anthu. Iye amati mvua, moto, nyumba, nyama, kufa, kulia. Ife timati mvula, moto, nyumba, nyama, kufa, kulira. Akafuna kufunsira mbeta amati ninakupenda, ndipo mukawagawa mawuwo mupeza ni-na-ku-penda, mndandanda womwewo wa ndi-ma-ku-konda: wochita patsogolo, kenako nthawi, kenako wochitiridwa, tsinde kumapeto. Iye akati watoto wangu wawili wamefika, ife timati ana anga awiri afika, ndipo agwirizanitsi onse aima pamzere ngati ana a sukulu pa asembule. Kodi pijini yake iti imene inasungapo magulu a mayina ndi agwirizanitsi otere? Chilapalapa chinataya zonsezi tsiku loyamba lomwe. Chiswahili chili nazo zamphumphu.

Wina ati, nanga mawu a Chiarabu ambirimbiri aja? Alipodi, sindikukana. Mswahili powerenga amati moja, mbili, tatu, nne, tano, mofanana ndi ife, koma akafika pa 6, 7 ndi 9 amabwereka kwa Mwarabu: sita, saba, tisa. Chabwino. Nanga inu mayi, pogula tomato mu msika wa Limbe, simumati sikisi, seveni, naini? Ndiye tinene kuti Chichewa ndi Chingerezi chosweka, eti? Taonani zimene Chiswahili chinachita ndi mawu akuti buku. Mwarabu amati kitab, akachuluka amati kutub. Mswahili atamva ki- kumayambiriro anawaponya mawuwo m'gulu la kitu, vitu, lomwe ndi gulu lathu lija la chinthu, zinthu, ndipo lero amati kitabu, vitabu. Tsono pamenepa wameza mnzake ndani? Uku si kusweka, abale, uku n'kudya n'kukhuta.

Nkhaniyi akatswiri anaitseka kalekale. Mu 1993 Derek Nurse ndi Thomas Hinnebusch anatulutsa buku lalikulu loonetsa kuti Chiswahili ndi cha banja la Sabaki, pamodzi ndi Chipokomo ndi zilankhulo za Amijikenda ku Kenya ndiponso zilankhulo za pa zilumba za Comoros. Zonsezi ndi za Chibantu. Ndipo monga mlakatuli ndiwonjezere ichi: ndakatulo yaitali yotchedwa Utendi wa Tambuka inalembedwa m'Chiswahili mu 1728, zaka zoposa 100 Jumbe woyamba asanaponde mchenga wa nyanja yathu. Inalembedwa m'zilembo za Chiarabu, inde, monganso ine ndikulemba Chichewachi m'zilembo za Aroma popanda kusanduka Mtaliyana.

Nanga Jumbeyo anali yani? Salim bin Abdallah anafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere, ali pansi pa mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar. Anapempha malo kwa mafumu a Achewa, anamanga linga, anakhoma zombo zamatanga zowolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya lija, kumene ulendo wa pansi wopita ku Kilwa unkayambira. Mawu akuti jumbe ndi a Chiswahili, kutanthauza mfumu kapena nduna. Amene anamulowa m'malo ankatchedwa Mwinyi Mguzo, Mwinyi Kisutu ndi Mwinyi Heri. Mwinyi ameneyu ndi mwini wathu yemweyu, mwini mudzi, mwini dziko. Pa bwalo la Jumbe chilankhulo cha malonda ndi cha milandu chinali Chiswahili ndi Chinyanja. Chiarabu chinali cha mu mzikiti ndi cha m'Korani, monga Chilatini chinalili kwa Akatolika a ku Mua ndi ku Likuni.

N'chifukwa chake pa Linga sipanabadwe pijini ya Chiarabu. Panalibe njala yake. Mswahili, Myao, Mnyamwezi ndi Mchewa akakumana pa dooko, aliyense ankamva fungo la kwawo m'chilankhulo cha mnzake, ndipo miyezi yowerengeka inali yokwanira kuti amvane. Alendowo anakwatira ana a eni dziko, ana awo anakula akulankhula Chinyanja cha amayi awo. Chimene Chiarabu chinatisiyira ndi mawu obwereka, odzera m'kamwa mwa Mswahili, ndipo ife tinawaveka zovala zathu. Masjid anasanduka mzikiti, ochuluka mizikiti. Shaykh anasanduka shehe, ochuluka mashehe. Dhikr, kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, anasanduka sikiri. Sadaka lero amaphika ndi Akhirisitu omwe pokumbukira malemu. Futali, amene poyamba anali chakudya chomasulira kusala kwa Ramadani, lero ndi mbatata kapena chinangwa chotendera chimene Mngoni wa ku Ntcheu amadya osadziwa n'komwe kuti akutchula mawu a ku Arabia. Ngakhale chihema chimene abusa amawerenga m'Buku Lopatulika ndi khayma wa Mwarabu atavala chi- wathu.

Tsono ngati umboni uli poyera chonchi, bodzali likukhaliranji moyo? Likukhala chifukwa lili ndi olidyerera.

Oyamba kulidyerera anali atsamunda. Kunali kokoma kuuza anthu a ku London kuti Mngerezi akubwera kudzapulumutsa munthu wakuda kwa Mwarabu. Ukapolowo unali weniweni, asakunamizeni munthu. David Livingstone, amene anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, anauzidwa ndi kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, kuti akapolo 19,000 ochokera ku dera la nyanja yathu lokha ankadutsa pa kasitomu ya pachilumbacho chaka chilichonse. Koma taonani ichi: mu 1889 Harry Johnston anasaina pangano ndi Jumbe wachitatu n'kumamulipira mapaundi 200 pachaka. Mluya woipa uja anali bwenzi pamene ankafunika. Atatha naye ntchito, pofika 1895, Jumbe womaliza anali atachotsedwa pampando n'kuthamangitsidwira ku Zanzibar, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Mlozi anapachikidwa ku Karonga.

Achiwiri kulidyerera ndife tomwe. Tikati Aluya, timasamba m'manja. Timaiwala dala kuti Aarabu a ku Oman ndi amalonda a Chimwenye a ku Zanzibar ankapereka ngongole, nsalu ndi mfuti, koma amene ankagwira munthu kumunda, kumumanga goli ndi kumufikitsa pa dooko nthawi zambiri anali wakhungu ngati lake, wolankhula chilankhulo chapachibale. Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ife tasankha kuloza njuchi ya kutali chifukwa ya pafupi ndi malume athu.

Tsopano tiyeni ndikutengeni kumene pijini ya Chiarabu inabadwiradi. Musati ndasochera, chifukwa njirayi ibwereranso pa nyanja pompano.

Mu 1820 Muhammad Ali, wolamula dziko la Egypt, anatumiza asilikali kukalanda Sudan, akufuna golide ndi akapolo oti awasandutse asilikali. Pakati pa 1839 ndi 1841 zombo zake zinaboola madambo akuluakulu a Sudd pa mtsinje wa White Nile ndi kutsegula njira ya kummwera. Kuyambira m'ma 1850 amalonda a ku Khartoum anadzaza madera a Bahr el Ghazal ndi Equatoria ndi misasa yotchingidwa ndi mitengo ndi minga. Msasa wotere ankautcha zariba. M'Chichewa tingati linga, dzina lomwe lija la pakati pa Nkhotakota. Malonda ake analinso omwewo, minyanga ndi anthu. Koma m'kati mwa malinga a ku Sudan munali chinthu chimene kuno kunalibe. Eni ake a Chiarabu anali ochepa. Ochuluka anali akapolo osandutsidwa asilikali, amtengatenga, amayi ogwidwa pankhondo ndi ana awo, ochokera kwa Adinka, Abari, Abongo, Azande, Amoru ndi mitundu ina. Zilankhulo za anthuwa si zapachibale ngati Chiyao ndi Chichewa. Mdinka ndi Mzande akakumana, palibe amene amamva fungo la kwawo kwa mnzake. Chokhacho chimene onse ankachimva tsiku ndi tsiku chinali Chiarabu cha kapitawo, chokalipa, chachidule. Pamenepo ndi pamene panali njala, ndipo njalayo inabala chilankhulo.

Pofika m'ma 1880 chilankhulochi chinali chitakhwima. Tikudziwa zimenezi chifukwa olankhula ake anabalalika nthawi imeneyo n'kukathera kutalikutali, koma zidzukulu zawo zikulankhulabe zofanana. Gulu lina linatsata Rabih, msilikali wa wamalonda a akapolo wotchuka Zubayr, kulowera ku Chad, mpaka pamene Afalansa anamupha pa Kousseri mu 1900. Kumeneko chilankhulocho chinkatchedwa Turku. Gulu lina linatsala kummwera kwa Sudan, ndipo chawo ndi chimene lero chimatchedwa Arabi Juba, Chiarabu cha ku Juba. Gulu lachitatu linali la asilikali a Emin Pasha, bwanamkubwa wa Equatoria, amene anatsekeredwa kummwera pamene Mahdi anaukira mu 1881 ndi kulanda Khartoum mu 1885. Henry Morton Stanley atamutenga Emin mu 1889, asilikali ambiri anatsala pafupi ndi nyanja ya Albert pansi pa mkulu wawo Selim Bey.

Mvetserani tsono amene anakawatola. Anali Frederick Lugard, yemwe uja anamenya nkhondo ndi Mlozi ku Karonga mu 1888 m'malo mwa kampani ya Mandala, n'kulasidwa chipolopolo chimene chinamupweteka manja onse awiri. Munthu amene anabwera pa nyanja yathu kudzathetsa ukapolo wa Aluya, mu 1891 anakalemba ntchito asilikali obadwira mu ukapolo wa ku Sudan, n'kulowa nawo mu Uganda, iwo ndi akazi awo, ana ndi antchito awo, anthu oposa 8,000, kuti akamugwirire dziko. Zidzukulu zawo ndi Anubi a ku Bombo ku Uganda ndi a ku Kibera mu mzinda wa Nairobi, ndipo chilankhulo chawo ndi Kinubi. Dzina lakuti Kibera linachokera ku mawu awo akuti kibra, nkhalango. Pamene gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, mabataliyoni awiri oyamba anali a kuno kwathu, lachitatu ndi lachinayi a ku Kenya ndi ku Uganda, mmene munali Anubi. Agogo athu a ku Zomba anavala yunifolomu imodzi ndi anthu amenewa.

Nanga chilankhulocho chimaoneka bwanji? Mawu ake, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse, ndi a Chiarabu. Apa ndiye pasiyana ndi Chiswahili, chimene mvula, moto ndi nyama zake ndi za Chibantu. Koma galamala ya Chiarabu inagwetsedwa mpaka pa maziko. M'Chiarabu mneni amasintha malinga ndi wochita, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, mmodzi kapena ambiri. Ku Juba mneni ndi mwala, sasuntha. Kudya ndi akulu. Ana akulu, ndinadya. Ita akulu, unadya. Uo akulu, anadya, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, monganso m'Chichewa iye alibe ndevu kapena mabere. Nthawi imaonetsedwa ndi timawu ting'onoting'ono toima patsogolo pa mneni. Ana ge akulu, ndikudya. Ana bi akulu, ndidzadya. Ana kan akulu, ndinali nditadya. Ana ma akulu, sindinadye. Umwini amauonetsa ndi ta, wogwira ntchito ya ya ndi wa wathu: bet ta sultan, nyumba ya mfumu, bet tai, nyumba yanga, bet taki, nyumba yako. Maliwu a pakhosi amene amavutitsa ana athu ku madrasa anasalazidwa onse: khamsa, zisanu, anasanduka kamsa, khalas, basi kapena zatha, anasanduka kalas.

Mpaka apa wina anganene kuti eya, ndi chosweka basi. Dikirani. Chilankhulo chosweka sichipanga malamulo atsopano, koma ichi chinapanga. Mukati ákulu, kukweza liwu poyamba, ndiye kuti kudya. Mukati akulú, kukweza liwu kumapeto, ndiye kuti kudyedwa. Chiarabu cha ku Cairo kapena ku Muscat chilibe lamulo limeneli. Linabadwira m'makutu a anthu a mu Africa, ozolowera kusiyanitsa mawu ndi kamvekedwe, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika. Madzi kumeneko amati moyo, zoona, moyo, ndipo misozi amati moyo ena, madzi a m'diso. Mawu onse awiri ndi a Mwarabu, koma maganizo owalumikiza ndi a mayi wa mu Africa amene ankalira m'linga muja. Anthu amene analandidwa mudzi, dzina ndi chilankhulo anatola zotsala pa mbale ya wowagwira n'kuphika nazo chakudya chimene lero chikudyetsa mzinda wathunthu. Ndani mwa ife olemba ndakatulo amene anapangapo chinthu chachikulu chotere?

Komabe chilankhulochi sichinapatsidwepo mpando. Angerezi, pa msonkhano wa zilankhulo wa ku Rejaf mu 1928, anasankha zilankhulo zina za mitundu kuti zilowe m'sukulu, ichi n'kuchisiya panja. Aarabu a ku Khartoum ankachiseka kuti ndi Chiarabu cha akapolo. Dziko la South Sudan litalandira ufulu pa 9 Julayi 2011, malamulo ake anasankha Chingerezi kukhala chilankhulo cha boma, ngakhale kuti mu msika, m'tchalitchi, pa wailesi ndi m'nyimbo za mu Juba anthu amamvana m'Chiarabu chawo chomwechi, ndipo ana ambiri a mumzindawo ndi chimene amayamwa. Matendawa ife tikuwadziwa. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Kongeresi unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchotsa Chitumbuka pa wailesi mpaka 1994. Kuyambira 1972 tinali ndi bungwe la Chichewa Board lotiuza mawu oyera ndi mawu odetsedwa, ndipo Kamuzu mwini wake ankadzudzula pagulu olankhula Chichewa chimene iye sankachifuna. Bungwelo linatha, koma kamzimu kake kakadali m'mitu mwathu. Ndi kamzimu kameneka kamene kamaseka kalankhulidwe ka munthu wa ku Linga, wa ku Likoma kapena wa ku Nsanje. Amene amati chosweka nthawi zonse amakhala atakhala pa mpando wa ndalema.

Ndafika tsopano pa chimene chandilembetsa zonsezi. Madzi saiwala khwawa. Sultan amene mbendera yake inkauluzika pa Linga anali wa banja la ku Oman. Seyyid Said anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar cha m'ma 1840, nthawi yomwe Jumbe woyamba ankafika kuno. Ku Oman komweko ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu 1970. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1970, ndalama za mafuta zitayamba kusefukira, maiko a ku Gulf anadzaza ndi antchito ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka, Nepal ndi Philippines, kenako a ku Africa. Anthu a zilankhulo zambiri zosamvana, bwana wa chilankhulo china, palibe sukulu, palibe nthawi. Mwaizindikira mbewuyo? Inameranso. Katswiri wina, J. R. Smart, analemba za pijini yatsopanoyi mu 1990, ndipo mu 2008 Unn Gyda Næss anaifufuza m'tauni ya Buraimi ku Oman.

Nayonso ili ndi malamulo ake. Kamawu kakuti fi, kamene m'Chiarabu cha kumeneko kamatanthauza kuti chilipo, kamasenza katundu wa aneni ambirimbiri, ndipo mafi ndiye kukana. Mafi fulus, ndalama palibe. Mafi malum, sindikudziwa. Mafi mushkila, palibe vuto. Umwini ndi mal: bet mal ana, nyumba yanga. Nthawi imaonetsedwa ndi mawu ngati awwal, kale, ndi baden, pambuyo pake. Zofanana amati sem sem, kubwereka ku Chingerezi. Ku Lebanon, Fida Bizri anafufuza kalankhulidwe ka atsikana a ku Sri Lanka ogwira ntchito za m'nyumba, kamene anakatcha Pidgin Madame, napeza kuti aneni awo ambiri amachokera ku mawu amene dona amalankhula powalamula. Taganizani bwino pamenepa. Mtsikana akafuna kunena kuti ndikupita, pakamwa pake pamatuluka mawu akuti pita. Akafuna kunena za iye mwini, amabwereka liwu la womulamula. Galamala imeneyi ndi kaundula wa mmene anthu akukhalira m'nyumbamo.

M'makhitchini amenewa muli ana athu. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC, kudzera m'pologalamu yake ya Africa Eye, inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu ku Oman, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa, ena akugwiriridwa. Amayi oposa 50 anapezana pa gulu la WhatsApp limene anayambitsa Mmalawi wina wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni. Boma lathu linati linawononga ndalama zoposa madola 160,000 kubweza amayi 54. Lamulo la kafala limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, kotero kuti wothawa nkhanza ndi amene amasanduka wolakwa. Makedzana ankawoloka pa chombo chamatanga kuchokera pa dooko lino. Lero akukwera ndege pa Lumbadzi, atadzilipirira okha chithunzi cha pasipoti.

Vuto si pijiniyo. Pijini ndi chingwe chimene womira amagwira, ndipo mtsikana wa ku Mangochi amene waphunzira kunena mafi fulus m'masabata atatu ndi wanzeru kuposa ine ndi dipuloma yanga. Vuto ndi lakuti chilankhulo chimene akupatsidwa ndi cha kukhitchini chokha, pamene kontirakiti, polisi ndi khoti zili m'Chiarabu cha m'mabuku chimene palibe akumuphunzitsa. Cha ku Juba chinakula chifukwa ana anabadwiramo, anthu anamanga midzi, anayamba kuimbiramo nyimbo. Cha ku Gulf chimasungidwa chokwinimbira, chifukwa wantchito wa m'nyumba saloledwa kubwera ndi banja kapena kukhazikika. Akatha mphamvu amabwezedwa, n'kubwera wina kudzayambiranso pa mafi malum.

Ndiye ndili ndi mawu kwa anthu anayi.

Kwa aphunzitsi ndi operekeza alendo: lekani kuuza ana kuti Chiswahili ndi Chiarabu chosweka. Bungwe la SADC, limene ife ndi mamembala ake, linachivomereza mu 2019 kukhala chilankhulo chogwirira ntchito, ndipo mu 2021 UNESCO inapatula 7 Julayi kukhala tsiku lake. Amalonda athu a pa Songwe ndi a ku Dar es Salaam akuchifuna tsiku lililonse. Chiphunzitseni, musachinyoze.

Kwa a Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996: bwerani kuno ndi makina ojambulira mawu. Nkhalamba za pa Linga zimene zinamva Chiswahili kwa agogo awo zikutha imodziimodzi, ndipo iliyonse ikupita kumanda ndi mawu ake a m'zombo, a m'munda wa mpunga wa faya ndi a mu mzikiti. Mkuyu tautchingira mpanda ndi kuuikira chikwangwani. Nanga malilime a anthu?

Kwa aboma amene amasaina mapangano otumiza achinyamata kunja, ndi kwa mashehe athu amene Chiarabu cha m'mabuku amachidziwa: mwana asakwere ndege asanawerengeredwe kontirakiti yake m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ndipo asanaphunzire kunena m'Chiarabu chomveka kuti ndikudwala, ndikufuna pasipoti yanga, ndiitanireni apolisi. Madrasa amene amaphunzitsa mwana kulakatula Korani angathenso kuphunzitsa mlongo wake mawu 200 omupulumutsa, kaya ndi Msilamu kaya ndi Mkhirisitu.

Kwa alakatuli anzanga: tatopa nazo ndakatulo za goli ndi unyolo wa 1860, zolira Aluya amene anafa kalekale ndipo sangatiyankhe. Kulira maliro akale n'kosavuta, sikumangitsa munthu. Amayi 54 aja anabwerako, ali m'midzi ndi m'matauni mwathu muno, ndipo m'kamwa mwawo muli mawu amene sanalembedwepo m'Chichewa. Pitani mukawapemphe, mwaulemu, kuti akuphunzitseni. Mukakamva mmene mneni amamvekera pamene munthu waphunzira chilankhulo chonse kuchokera ku malamulo okhaokha, mudzadziwa kuti chimene chinasweka si chilankhulo ayi.